Zolemba za ntchito: R, Stata ndi database ya alimi a mbatatesi ku Dedza

Lolemba

Laputopu yatsopano inafika Lachisanu, ndipo lero ndi pamene ndakhala pansi kuti ndiyambe lipoti la zokolola za mbatatesi la makalabu athu a ku Bembeke, Linthipe ndi Mayani. Ndimaganiza kuti pofika masana ndikhala nditatulutsa matebulo oyamba. Kunja kwada tsopano, sindinatulutse nambala ngakhale imodzi.

Kwa amene adzagwire ntchitoyi ine nditachoka: deta yathu ili pawiri. Ya zaka za m'mbuyo ili m'fayilo ya Access (pulogalamu ya Microsoft yosungira deta) imene anasiya achimwene amene ndinawalowa m'malo. Yatsopano, imene alangizi amatumiza ndi matabuleti ali kumunda, imakhala mu database ya MySQL pa kompyuta ya Ubuntu Linux ili pansi pa tebulo m'chipinda cha kumapeto, ija timaitcha seva. Ine ndimawerengera ndi R, pulogalamu yosanthulira deta. Abwana amagwiritsa ntchito Stata, ina ya ntchito yomweyo, ndipo za pulogalamu ina safuna kumva. R kapena Stata siyilankhula yokha ndi database. Pamafunika womasulira pakati, kapulogalamu kotchedwa driver, ndipo pa Windows ma driver ambiri amadutsira mu ODBC, njira imene mapulogalamu amalumikizira ku ma database.

Script (fayilo ya malamulo a R) imene yakhala ikuyenda bwinobwino pa laputopu yakale yaima pa mzere wolumikiza ku Access. Uthenga wake ndi IM002, "Data source name not found and no default driver specified". Ndafunsa R ndi odbcListDrivers() kuti indionetse ma driver amene ikuwaona, yandionetsa SQL Server basi. Komatu Access ili pa laputopu yomweyi, ndaitsegula, fayilo ya alimi ikutseguka popanda vuto.

Chimene chandidyera masana onse ndi ichi. Pa Windows ya 64-bit pali mapulogalamu awiri oyang'anira ODBC, onse dzina lawo ndi odbcad32.exe. Ili mu foda ya System32 ndi ya 64-bit. Ili mu SysWOW64 ndi ya 32-bit. Mwawerenga bwino, ya 32 pa dzina ndiye ya 64, ya 64 pa dzina ndiye ya 32. Nditatsegula ya mu SysWOW64 ndaipeza driver ya Access ili phee pa mndandanda. Office imene anatiikira ogulitsa laputopu ndi ya 32-bit, ndiye driver yakenso ndi ya 32-bit, pamene R yanga ndi ya 64-bit. Pulogalamu ya 64-bit siingathe kunyamula library (fayilo yothandizira pulogalamu, monga driver) ya 32-bit n'kuilowetsa mkati mwake, ngakhale zonse zili pa diski imodzi.

Ndawaimbira achimwene aja, pano ali ku Lilongwe. Aseka n'kuti, "Pepani achimwene, ndinaiwala kukuuzani. Pa yakale ija ndinasintha RStudio, ija mumalemberamo R, kuti izitsegula R ya 32-bit. Kasintheni pomwepo basi." Ndapita pomwepo, posankha palibe. Kuyambira pa R 4.2.0, imene inatuluka mu April 2022, R ya 32-bit pa Windows anasiya kupanga. Yomaliza kukhala nayo ndi 4.1.3, imene ili pa laputopu yakale. Chinyengo cha achimwene chinatipulumutsa zaka zingapo, koma sichinalembedwe paliponse, chinali m'mutu mwawo mokha.

Lachiwiri

M'mawa ndadawuniloda Access Database Engine 2016 ya 64-bit, imene imabwera ndi driver ya Access. Yakana kulowa, ikuti pa kompyuta pali kale Office ya 32-bit. Njira yozembera ilipo, kuiyika kudzera pa command prompt n'kuwonjezera /quiet kumapeto kuti isafunse mafunso. Anthu ambiri amatero ndipo zimawayendera. Ine ndaleka. Kukana kuja anakuikapo dala, ndipo pa laputopu imeneyi ndi pamene ndimalembera malipoti onse. Office ikayamba kudwala mwezi wamawa ndidzakhala ndikudzifunsa ngati si ine ndinaiputa. Chinanso, fayilo ya Access ija palibe amene amalembamo kanthu masiku ano, timangowerengamo. Palibe chifukwa chomangira mlatho wokhalitsa wopita ku nyumba imene tinasamukamo kale. Ndaganiza zongosamutsa deta yonse yakale kupita mu MySQL kamodzi n'kamodzi.

Ndatulutsa laputopu yakale m'kabati. Batire lake linatupa, imayaka ikakhala pa magetsi pokha. Ndi R 4.1.3 ya 32-bit ndakoka matebulo onse n'kuwasandutsa mafayilo a CSV. Ndinasangalala kwa mphindi zochepa chabe. Poyang'ana mayina a midzi ndaona kuti paliponse pamene panali chilembo cha ŵ, chija cha mu Malaŵi, kachipewa kake kagwa. Achimwene aja anali osamala, ankalemba mayina ndi ŵ monga amatchulira eni ake. R yakale pa Windows inkatsatira code page (mndandanda wa zilembo) ya kompyuta, ya ife ndi 1252, ndipo mu 1252 chilembo chimenechi mulibe. R inayamba kugwiritsa ntchito UTF-8, imene ili ndi ŵ, pa Windows kuyambira pa 4.2.0 yomwe ija. Ndiye R imene imadziwa ŵ siiona Access, imene imaona Access siidziwa ŵ.

Kenako ndadziseka ndekha. Access yeniyeniyo imatha kutulutsa tebulo kukhala fayilo ya mawu, ndipo pa batani la Advanced pali posankha code page. Ndasankha UTF-8, ŵ watuluka ndi chipewa chake. Zimenezi ndikanachita dzulo pa laputopu yatsopano, osavutika ndi ya batire lotupa. Mutu ukakakamira kuti vuto ndi R, umafuna kuti yankho likhalenso R.

Deta yakale yalowa mu MySQL, matebulo ake ndawaika pa utf8mb4. Ndawerenga mizere mbali zonse ziwiri, ikufanana. Patsala ntchito ya manja: alangizi pa matabuleti amalemba w wamba, ndiye mudzi umodzi ukuoneka ngati midzi iwiri. Ndipanga katebulo kophatikiza mayinawo.

Lachitatu

Tsiku la abwana. Akufuna azikoka deta okha mu Stata ndi odbc load, asamadikire kuti ndiwatumizire mafayilo. Ndi zabwino kwa tonse.

Netiweki m'mawa inali yokwawa, ndiye ndinatenga driver ya MySQL Connector/ODBC 8.0 imene ndinali nayo kale pa fulashi. Inali ya zip, ija umamasula n'kuyendetsa Install.bat, osati ya MSI imene imadziika yokha ukaitsegula. Ndayang'anitsitsa kuti ndi ya 64-bit chifukwa Stata yawo ndi ya 64-bit, phunziro la Lolemba lidakali m'mutu. Yalowa. Pa mndandanda wa ODBC ikuoneka, MySQL ODBC 8.0 Unicode Driver. Poyesa kulumikiza kwabwera IM003, "Specified driver could not be loaded due to system error 126: The specified module could not be found", ndipo kumapeto kwa uthengawo atchula fayilo ya myodbc8w.dll ndi foda yake.

Ndatsegula fodayo. Fayiloyo ilimo, ndikuiona ndi maso anga. Ndaikoperanso kuchokera pa fulashi poganiza kuti mwina inawonongeka. Chimodzimodzi. Ndasamutsira zonse ku foda ya dzina lalifupi lopanda mipata n'kuyikanso. Chimodzimodzi. Ndazimitsa antivirus kwa kanthawi, zimene sindinyadira, ndipo ndayatsanso. Chimodzimodzi. Abwana aima kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi, ali mu jekete chifukwa mphepo ya kuphiri yalero ikulowa mpaka m'mafupa. Afunsa kuti, "Ndiye kompyutayo ikunama?" Ndawayankha kuti, "Bwana, ndipatseni mpaka masana."

Ndinatuluka kukadya tchipisi cha pa chiwaya kumsika, ndipo pobwerera ndinadutsa pa chigayo chimene chinali zii, amayi atakhala pa matumba awo a chimanga. Mmodzi anandiuza kuti chigayo kulibe lero. Chigayotu chinalipo, injini ndi zonse, koma lamba ndi amene anaduka. Ndinabwerera ku ofesi ndikuthamanga pang'ono.

Uthenga wa 126 umatchula fayilo imene Windows inauzidwa kuti inyamule, osati imene yasowa. DLL, imene ndi library ya pa Windows, siyenda yokha, ili ndi zinzake zimene imadalira, ndipo nazonso zili ndi zawo. Ikasowa imodzi pa mzere umenewo Windows imangoti module sinapezeke, ndipo dzina limene umaliona ndi la yoyamba ija, imene ilipo. M'mawa wonse ndakhala ndikusisita injini pamene vuto ndi lamba.

Pofuna kudziwa kuti lamba wake ndi uti, ndagwiritsa ntchito kapulogalamu kaulere kotchedwa Dependencies, kamene kanalowa m'malo mwa Dependency Walker wakale. Umakapatsa DLL, ndipo kamakuonetsa zonse zimene DLL imeneyo ikufuna, zosowa kamaziika chizindikiro chofiira. Yofiira inali vcruntime140_1.dll. Imeneyi imabwera ndi Microsoft Visual C++ Redistributable, ija ya 2015 mpaka 2022. Connector inamangidwa ndi zida za Visual Studio ndiye imafuna ma library amenewa kuti iyende. Pa makompyuta ambiri amakhalapo kale chifukwa pulogalamu ina inabwera nawo, n'chifukwa chake ambiri sitidziwa kuti alipo. Kompyuta ya abwana inafufutidwa n'kuikidwanso Windows posachedwapa, inalibe vcruntime140_1.dll imeneyi. Ndipo Install.bat siyang'ana zimenezi, imangolembetsa driver pa mndandanda. Kuoneka pa mndandanda kumangotanthauza kuti dzina linalembedwa mu registry, osati kuti driver ingadzuke.

Ndadawuniloda ya x64 kuchokera kwa Microsoft, ndaika, ndayesanso. Stata yakoka tebulo la zokolola nthawi yomweyo. Ntchito ya mphindi zitatu.

Ukasaka dzina la DLL yosowa pa intaneti, pamwamba pamabwera masamba okuuza kuti utenge fayilo imodzi yomweyo n'kuiponya mu System32. Musatero. Simudziwa amene anaiika pamenepo ndi zimene anabisamo, ndipo kompyuta imeneyi ili ndi mayina ndi manambala a foni a alimi.

Ndalemba pa kapepala n'kumata pa khoma: 126, china chimene fayilo ikudalira chasowa. 193, ija imati "is not a valid Win32 application", kawirikawiri ndi nkhani ya 32 ndi 64 kusakanikirana. IM014 pa ODBC ndi kusakanikirana komweko.

Lachinayi

Dzulo madzulo ndinapangira aliyense akaunti yakeyake pa MySQL, kuti tisiye zogawana pasiwedi imodzi. Lero achemwali olowetsa deta abwera kudzandiuza kuti akaunti yawo yatsopano ikukana, yakale ikulola. Uthenga: "Authentication plugin 'caching_sha2_password' cannot be loaded".

Ili silinandivute. Kompyuta yawo ili ndi Connector/ODBC 5.3, ya nthawi ya MySQL 5.7. Kuyambira pa MySQL 8.0, akaunti yatsopano imapangidwa ndi njira yotsimikizira pasiwedi ya caching_sha2_password, imene driver yakaleyo siidziwa. Akaunti yakale ija inasamuka kuchokera ku 5.7 ndi njira yake ya mysql_native_password, n'chifukwa chake ikulolabe.

Ndikanatha kubweza akaunti yawo ku njira yakale ndi mzere umodzi wa ALTER USER, ndipo akanabwerera ku ntchito pompo. Koma njira yakaleyo ikutha: pa MySQL 8.4 imabwera yozimitsidwa, pa 9.0 anaichotseratu. Ndawaikira Connector 8.0, nditayamba ndaika Visual C++ Redistributable. Zatheka koyamba komwe.

Masana onse katebulo ka mayina a midzi. Mlangizi wa ku Mayani wandithandiza pa foni ndi mayina amene ndimakayikira.

Lachisanu

Lero ndiye ndachita manyazi, ndipo ndilemba zonse.

Matebulo oyamba a lipoti atuluka, koma zokolola za ku Linthipe zikuoneka zochepa kusiyana ndi zimene alangizi akhala akunena pa misonkhano. Munthu amene waona matumba akukwezedwa m'malole pa msewu wa M1 sangakhulupirire manambala amenewa. Ndayang'ana tebulo lachidule limene lipoti limawerengamo, ndapeza kuti tsiku lake lomaliza ndi la kalekale. Tebulo limeneli limadzazidwa usiku uliwonse ndi script ya R pa seva, yoyendetsedwa ndi cron, kapulogalamu koyambitsa ntchito pa nthawi yoikika: imatenga zimene alangizi atumiza, imasandutsa ndowa ndi matumba kukhala makilogalamu, n'kulemba zachidule.

Ndatsegula fayilo imene script imalembamo zochitika. Usiku uliwonse mzere womwewo: "unable to load shared object", kutchula RMySQL.so, library ya package imene R imalumikizira ku MySQL, kenako "libmysqlclient.so.20: cannot open shared object file: No such file or directory". Tsiku limene zinayamba ndi lomwe ine ndinakweza seva kuchoka pa Ubuntu 18.04, imene inasiya kulandira zokonza zaulere mu 2023, kudutsa pa 20.04 mpaka 22.04. Ndikukumbukira funso limene linabwera kumapeto, loti ndichotse ma package otha ntchito. Ndinavomera osawerenga mndandanda. Tsiku limenelo ndinayesa MySQL, ndinayesa zolandira deta ya matabuleti, zonse zinkayenda, ndinapita kunyumba wokhutira. Script ya usiku sindinaiyese, ndipo yakhala ikufa mwakachetechete chifukwa palibe amene inauzidwa kuti izimudandaulira.

Matenda ake ndi a Lachitatu omwe aja, kungoti Linux ili ndi ulemu, imatchula dzina la chosowacho. RMySQL pa seva inamangidwa kuchokera ku source nthawi ya 18.04, ndipo pomangidwa inalemba mkati mwake kuti izifuna libmysqlclient.so.20, ya MySQL 5.7. Pa 22.04 pali libmysqlclient.so.21, ya MySQL 8.0. Ndayendetsa ldd pa RMySQL.so, yandandalika ma library onse, pa umodziwo yalemba "not found".

Chiyeso chinalipo chopanga symlink, kafayilo kolozera ku fayilo ina, yoti dzina la 20 liziloza ku 21. Mwina ikanadzuka. Koma nambala imeneyo imasintha chifukwa eni library asintha zinthu mkati mwake mosagwirizana ndi zakale, ndipo ukainamiza pulogalamu, ikhoza kuyenda masiku angapo n'kudzagwa pakati pa usiku, kapena kulemba zolakwika osadandaula. Pa deta imene tikakambirane ndi alimi za mbewu ya chaka chamawa, ayi. Package iyenera kumangidwanso pa ma library amene alipo lero.

Popeza ndimanganso, ndasiyana nayo RMySQL. Eni ake pa CRAN, kosungira ma package a R, analemba okha kuti ndi yakale ndipo anthu apite ku RMariaDB. Zonse ziwiri zimadutsa mu package imodzi ya DBI, ndiye m'script mwasintha mizere yochepa, makamaka wolumikiza. Ndaika libmariadb-dev ndi apt, ndayamba kumanga. Ili pakati, magetsi thi! Ka UPS ka seva kanalira kawiri n'kuzima nako, batire lake linatha kale mphamvu ndipo ndakhala ndikulemba pa mndandanda wa zogula.

Magetsi atabwera madzulo, R yakana kumanganso, ikuti "failed to lock directory". Poyika package, R imapanga foda ya dzina loyamba ndi 00LOCK kuti wina asayike pomwepo nthawi imodzi, ndipo imaichotsa ikamaliza. Ikazimitsidwa mwadzidzidzi fodayo imatsala, ngati loko pa chitseko mwini wake atapita ndi makiyi. Ndaonetsetsa kuti palibe R ina ikuyenda, ndafufuta 00LOCK-RMariaDB, ndayambanso. Yatha bwino, ldd ikuonetsa libmariadb.so.3 yapezeka.

Script yadutsa polumikiza n'kukagwa patsogolo pang'ono, pa package ya stringi, imene imafuna library ya libicu ya 60 pamene 22.04 ili ndi ya 70. Apa ndasiya zochiza mmodzimmodzi. Ndalemba ka script kobwerezabwereza koyendetsa ldd pa fayilo iliyonse ya .so mu foda ya ma package a R n'kutola za "not found", ndipo zonse zimene zatuluka ndazimanganso. Ndachoka mu ofesi mlonda atavala kale chipewa chake cha ubweya.

Chotonthoza mtima n'chakuti palibe deta yatayika. Zimene alangizi ankatumiza zinkafika ndi kusungidwa, chidule chokha ndi chimene chinaima.

Lolemba lotsatira

Script yayenda yokha usiku utatu motsatizana. Manambala a ku Linthipe akwera kufika pamene alangizi amanena. Abwana ndawauza zonse m'mawa uno, kuphatikizapo zoti matebulo amene ndinawapatsa mwezi watha anachokera pa chidule choima. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati matebulowo anapita kunja kwa ofesi. Sanapite, anali a msonkhano wathu wokha. Ndiwatulutsanso lero.

Ndawonjezera zinthu ziwiri. Script ikalephera, cron izinditumizira imelo. Ndipo lipoti lililonse lizilemba pamwamba tsiku la deta yomaliza imene lawerenga, kuti aliyense woliona adziwe ngati chidule chagona.

Ndasindikizanso pepala limodzi losonyeza kompyuta iliyonse ya mu ofesi, Office yake ngati ndi ya 32 kapena 64, R kapena Stata imene ilipo, ndi driver imene ndinaika. Lina ndamata pa seva, lina lili mu foda ya tonse. Pa fulashi ndachotsa Connector ya zip, ndaikapo ya MSI pamodzi ndi Visual C++ Redistributable mu foda imodzi.

Zotsala: midzi ingapo ya ku Bembeke mayina ake sindinaphatikize, ndikudikira mlangizi abwere Lachitatu ndi kaundula wake wa pamanja. Akaunti yakale ya pasiwedi yogawana nditseka Lachisanu ndikatsimikiza kuti palibe script ina yobisala imene ikuigwiritsabe ntchito. Batire la UPS, amayi a zachuma akuti ndibweretse makotesheni atatu.